Theka kuphatikiza theka, yankho n'kukhala theka lomwelo?

Pali yankho limodzi lomwe mphunzitsi aliyense wa masamu m'dziko muno amalidziwa ngati dzina la mwana wake. Mukalemba pa bolodi 1/2 + 1/3, mwa ana a Folomu 1 omwe angosankhidwa kumene pamapezeka gulu ndithu lolemba 2/5. Awonkhetsa za pamwamba, awonkhetsa za pansi, atseka kope, akhala phee kudikira kuchongeredwa. Ndipo si a Folomu 1 okha ayi. Mwana yemweyo akafika Folomu 4 amakulemberani kuti 1/x + 1/y ndi 2/(x + y), nkhope ili gwa, osaphethira n'komwe.

Zikatere, muofesi ya aphunzitsi mumamveka nyimbo zomwe zija. Wina ati ana a masiku ano ndi aulesi. Wina ati aphunzitsi a ku pulayimale akutitumizira mbuli. Wina ati mafoni awononga mitu ya ana. Ine lero ndikukana zonsezi, ndipo amene akwiye akwiye. Mwana wolemba 2/5 si mbuli ndipo si waulesi. Wachita zomwe wakhala akuphunzitsidwa zaka zonsezi, zosuntha manambala motsata lamulo popanda kufunsa kuti manambalawo akuyimira chiyani. Kungoti pa tsikuli watola lamulo lolakwika m'thumba lake la malamulo. Mlandu uli pa kaphunzitsidwe komwe kasandutsa mafulakishoni kukhala nyimbo yoloweza, ndipo kaphunzitsidwe kameneka kali ku pulayimale, kali ku sekondale, kali ku mapatitayimu a Loweruka omwe makolo amalipira ndalama zambiri.

Tiyeni tiliyese kaye lamulo la mwanayo tione ngati lili ndi miyendo. Akuti za pamwamba ziwonkhetsedwe pazokha, za pansi pazokha. Chabwino. Nanga 1/2 + 1/2? Mwa lamulo lakelo yankho ndi 2/4, lomwe ndi theka lomwelo. Ndiye kuti mayi akagula hafu kilo ya nyama, bambo n'kubweranso ndi hafu kilo ina, m'poto mulowa hafu kilo basi. Mwana wa zaka 6 angakusekeni mutamuuza zimenezi. Pa kuchotsera ndiye zimachita kunyanya. 3/4 − 1/2 imapereka 2/2, chomwe ndi chinthu chathunthu: unali ndi makota atatu a buledi, wampatsako mnzako theka, watsala ndi buledi yense. Masamu akanakhala otero bwenzi njala itatha kalekale kuno kwathu. Ndipo 5/7 − 2/7 imatulutsa 3/0, chinthu chopanda tanthauzo lililonse.

Funso langa ndi ili. Mwana amene amadziwa bwino lomwe pa msika kuti theka ndi theka ndi chathunthu, n'chifukwa chiyani akalowa m'kalasi saona vuto ndi 2/4? N'chifukwa choti anaphunzira kuti masamu a m'kalasi ndi dziko lina, komwe nzeru za kunyumba amazisiya pakhomo. Palibe anamuzoloweza kuti ukapeza yankho uziliyang'anitsitsa n'kudzifunsa ngati zingatheke. 2/5 ndi yochepa kuposa 1/2. Unayamba ndi theka, wawonjezerapo kanthu, ndiye watsala ndi zosakwana theka? Mwana wozolowera kufunsa funso limeneli sangapereke 2/5 kwa mphunzitsi, ngakhale atakhala kuti njira yolondola wayiwala. Angabwerere n'kuyambiranso.

Nkhani yonse yagona pa nambala ya pansiyo. Mawu oti denominator anachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza kutchula dzina, pomwe numerator anachokera ku mawu otanthauza kuwerenga. Nambala ya pansi imatchula dzina la chidutswa, kutiuza kukula kwake. Ya pamwamba imawerenga kuti zidutswa zoterozo zilipo zingati. Mu 3/7, 7 uja sakuwerenga kanthu kali m'manja mwako. Akungonena kuti chathunthu chinadulidwa pa 7 mofanana, ndipo chidutswa chilichonse n'cha msinkhu umenewo. Choncho 3/7 + 2/7 ndi zidutswa 3 ndi zidutswa 2 za mtundu umodzi, zonse pamodzi 5, dzina osasintha: 5/7. Munthu akawonkhetsa matumba 3 a chimanga ndi matumba 2 a chimanga amapeza matumba 5. Mawu oti thumba sawonkhetsedwa. Lamulo loti madinomineta akafanana musawakhudze ndi loona, koma mukaliphunzitsa lopanda chifukwa chake limafanana ndi mwambo uja woti usakhale pa mtondo. Mwana amamvera akulu akamaona, akangotembenuka iye n'kukhalapo.

Chondipweteka n'chakuti Chichewa chathu chimanena kale zonsezi poyera. Timati magawo atatu mwa magawo asanu ndi awiri. Mawuwo ndi aatali, inde, koma tanthauzo lili momwemo. Mwana akangoyamba masamu m'Chingerezi amamva "three over seven", ndipo kuyambira tsiku limenelo amaona manambala awiri osanjikizana, wina pa denga wina pansi, aliyense ndi moyo wake. Chingerezi chomwecho chili ndi "three sevenths", mawu osunga dzina la chidutswa, koma "over" ndi amene wakhazikika m'makalasi mwathu chifukwa ndi wosavuta pakamwa. Ine m'kalasi mwanga "over" saloledwa teremu yonse yoyamba ya Folomu 1. Ana amadandaula sabata imodzi, kenaka amazolowera.

Tsopano tifike pa madinomineta osiyana, pomwe misozi yambiri imagwera. Anzanga ambiri amakonda chitsanzo cha mbuzi ndi nkhuku, amati sungawonkhetse mbuzi 3 ndi nkhuku 2. Chitsanzo chimenechi ine sindichikonda. Chimauza mwana kuti sizitheka, pomwe ife tikufuna aone kuti zimatheka. Komanso mbuzi sungaidule kuti isanduke nkhuku. Mwana wochenjera amangoyankha kuti ziweto 5, ndipo apo wawerengera pamodzi zinthu zosiyana kukula ngati zofanana, lomwe ndi vuto lenilenilo tikulimbana nalo. Chitsanzo chabwino ndi ndalama. Muli ndi ma K500 awiri ndi ma K200 atatu. Palibe mwana m'Malawi muno angakuuzeni kuti muli ndi ma K700 asanu. Amadziwa popanda womuphunzitsa kuti ndalamazo azisinthe zikhale za mtundu umodzi. Ma K500 awiri ndi ma K100 okwana 10, ma K200 atatu ndi ma K100 okwana 6, pamodzi 16, ndiyo K1,600. Posintha paja ndalama sinachuluke, sinachepenso. Yangosanduka tizidutswa tating'ono tofanana, totheka kuwerengera pamodzi. Kupeza dinomineta yofanana ndi kusintha ndalama komweku, palibenso china. Theka ndi gawo limodzi mwa atatu ndi zidutswa zosiyana kukula, ndiye timazidula zonse kukhala magawo a 6: theka ndi 3/6, gawo limodzi mwa atatu ndi 2/6, pamodzi 5/6.

Amene akufuna kuziona ndi maso atenge thileyi ya mazira, ija ya mazira 30. Theka lake ndi mazira 15, gawo limodzi mwa atatu ndi mazira 10, pamodzi 25. Thileyiyo ili ndi mizere 6 ya mazira asanuasanu, ndipo mazira 25 amadzaza mizere 5 ndendende. 5/6 uja akuonekera pamaso, mzere umodzi uli mbee. Wotchi nayonso imachita zomwezo. Theka la ola ndi mphindi 30, gawo limodzi mwa atatu ndi mphindi 20, pamodzi 50 mwa 60. Mwana wa 2/5 uja mufunseni kuti 2/5 ya ola ndi mphindi zingati. Akapeza yekha kuti ndi 24, mufunseninso ngati munthu angayende mphindi 30, n'kuyendanso 20, ulendo wonse n'kukhala wa mphindi 24. Nkhope yake imasintha. Kusintha kwa nkhope kumeneko n'kwa mtengo wapatali kuposa masamu 40 ochongedwa ndi inki yofiira.

Ndinene chinthu chomwe sichinenedwa kawirikawiri. Lamulo la 2/5 mwana salitola kutchire. Amalitenga pa pepala la mayeso. Gawo A wapeza 7/10, gawo B wapeza 8/10, pamwamba pa pepala n'kulembedwa 15/20. Za pamwamba zawonkhetsedwa, za pansi zawonkhetsedwa, mphunzitsi wasayinira. Mwana wakhala akuona zimenezi zaka zonse za ku pulayimale, ndiye tikudabwa chiyani? Wochongayo sanalakwitse. Pamenepo sakuwonkhetsa mafulakishoni a chinthu chimodzi, akuphatikiza zigawo ziwiri za mayeso, ndipo chathunthu chasintha kuchoka pa malikisi 10 kufika pa 20. Gawo A linali theka chabe la mayeso onse, choncho malikisi 7 aja ndi 7/20 ya mayeso onse, malikisi 8 ndi 8/20, pamodzi 15/20. Lamulo la dinomineta yofanana lili chilili. Koma ndi angati amaima mphindi zisanu kuwaonetsa ana kusiyana kumeneku? Mafulakishoni amawonkhetsedwa pokhapokha akuyeza chathunthu chimodzi. Theka la thumba la makilogalamu 50 ndi theka la ndowa sizipanga thumba, sizipanganso ndowa.

Gwero lina la 2/5 ndi kuchulukitsa. Pa 1/2 × 1/3 mwana amauzidwa kuti za pamwamba zichulukitsane, za pansi zichulukitsane, ndipo yankho la 1/6 limakhala lolondola. Kwa munthu woloweza, kusiyana kwa kuchulukitsa ndi kuwonkhetsa ndi kachizindikiro kamodzi kokha, kena kaima chilili kena kapendekeka. Ngati kuchita mopingasa kunagwira ntchito Lachiwiri, kulekerenji Lachinayi? Woloweza alibe poyankhira funso limeneli, chifukwa malamulo onse awiri anawalandira mofanana, ngati malangizo a pa botolo la mankhwala.

Ndiye kwabweranso gulugufe. Amene muli pa WhatsApp, Facebook kapena TikTok mwamuona. Munthu amalemba mafulakishoni awiri, n'kujambula mapiko awiri opingasana, kuchulukitsa manambala a m'phiko lililonse, kuwonkhetsa zomwe wapeza, kenaka kuchulukitsa za pansi zikhale mimba ya gulugufeyo. Masekondi 20 yankho latuluka, nyimbo ikulira kumbuyo. Makolo ena afika potumizira aphunzitsi timavidiyo timeneti, ati bwanji ana athu simuwaphunzitsa njira zachidule ngati izi m'malo mowazunza. Makolo anzanga, ndikulemekezani, koma gulugufe ameneyu ndi katapila. Lero akupatsani yankho msanga, mawa adzalanda zonse.

Pa mafulakishoni awiri gulugufe amapereka yankho lolondola, zimenezo sinditsutsa. Koma taonani mwana woleredwa ndi gulugufe akakumana ndi 3/8 + 1/8. Munthu woganiza aona pompo kuti ndi 4/8, theka. Wa gulugufe achulukitsa 3 ndi 8, achulukitsa 1 ndi 8, apeza 32/64, kenaka ayamba thukuta lochepetsa, ngati wakumbukira n'komwe. Wazungulira phiri lonse kupita kwa mnansi wa khomo loyandikana. Pa 7/12 + 5/18 amapeza 186/216, pomwe woona kuti 12 ndi 18 onse amalowa mu 36 wangolemba 21/36 + 10/36, n'kupeza 31/36. Mukampatsa 1/2 + 1/3 + 1/4 amangoti kakasi, poti gulugufe ali ndi mapiko a mafulakishoni awiri basi. Choopsa kwambiri n'chakuti chithunzi sichiuza mwana nthawi yochigwiritsa ntchito. Ndaonapo makope momwe gulugufe wajambulidwa pa samu yochulukitsa ndi pa samu yogawa. Mwana anaona mafulakishoni awiri ayandikana, dzanja linangoyamba lokha kujambula mapiko.

Ndipo ojambula timavidiyo asanamize anthu kuti atulukira zatsopano. Njira yochulukitsa mopingasayi ili m'buku la masamu la ku China lotchedwa Jiuzhang Suanshu, kutanthauza mitu 9 ya luso la masamu, lomwe lakhalapo zaka pafupifupi 2,000. M'bukumo nambala ya pansi imatchedwa mayi, ya pamwamba mwana, ndipo mpaka lero ana a sukulu ku China amazitchula choncho. Bukulo limangopereka lamulo: amayi achulukitse ana mopingasa, amayi achulukitsane okhaokha. Koma m'chaka cha 263 katswiri wina, Liu Hui, anaona kuti lamulo palokha silikwanira, ndipo analemba ndemanga zofotokoza chifukwa chake. Anati kuchulukitsa amayi kumachititsa kuti zidutswa zonse zikhale za mtundu umodzi, pomwe kuchulukitsa mwana aliyense ndi mayi wa mnzake kumateteza kuti kuchuluka kwa fulakishoni iliyonse kusasinthe. Ndi kusintha ndalama kuja ndanena. Munthu wa zaka zoposa 1,700 zapitazo, wopanda choko, wopanda intaneti, anaona kuti wophunzira ayenera kuuzidwa chifukwa. Ife tatenga lamulo, tataya chifukwa, tajambulapo mapiko, n'kumati chitukuko.

Anzanga ena apa akugwedeza mutu movomereza, ati ndiye chake ife timaphunzitsa njira yoyenera ya LCM. Pepani, simunapulumuke. Nyimbo ija yoti "pezani LCM, igaweni ndi ya pansi, chulukitsani ndi ya pamwamba" ndi gulugufe yemweyo, wangovala tayi. Onani mmene imalembedwera pa bolodi. Pa 1/4 + 1/6 mphunzitsi amajambula mzere umodzi wautali, pansi pake 12, pamwamba 3 + 2. Yankho 5/12, lolondola. Koma mwana sanaone paliponse kuti 1/4 yasanduka 3/12, kapena kuti 1/6 yasanduka 2/12. Mfundo yeniyeni ya phunzirolo, yoti fulakishoni ingasinthe maonekedwe kuchuluka kwake kuli komweko, yakwiriridwa pansi pa mzere wautaliwo. Mufunseni mwanayo kuti 3 uja wachokera kuti, akuyimbirani nyimbo. Mufunseni kuti 3 chiyani, ayang'ana kudenga. Mzere wautali ndi wabwino kwa munthu womvetsa kale, wofuna kusunga nthawi pa mayeso. Kuyamba nawo ndi kuveka mwana nsapato za bambo ake.

Palinso khalidwe lina loipa lomwe LCM yabweretsa. Mwana walemba 6/24 + 4/24 = 10/24 = 5/12, mphunzitsi n'kumudula malikisi ati sanagwiritse ntchito 12. Walakwa chiyani mwanayu? Nambala iliyonse yomwe 4 ndi 6 amalowamo imagwira ntchito, kaya 12, kaya 24, kaya 48. LCM ndi yaing'ono mwa zonsezo, imachepetsa ntchito, basi. Si lamulo la Mose. Ngati funso silinanene kuti apeze LCM, mwana wopeza 5/12 kudzera pa 24 wakhoza, ndipo mwina wamvetsa kuposa mnzake woyimba nyimbo. Mukamudula mukumuphunzitsa kuti masamu ndi kulosera zomwe zili m'mutu mwa mphunzitsi.

Pofuna kudziwa ngati kalasi yamvetsa kapena yaloweza, ipatseni 3 1/4 − 1 3/4. Mudzaona mitundu itatu ya anthu. Ena adzachotsa 1 mu 3 pamwamba, chaching'ono mu chachikulu monga mwa chizolowezi, n'kupeza 2 2/4. Ena adzakumbukira kubwereka, koma adzabwereka 10 monga amachitira pa manambala wamba, 1/4 n'kusanduka 11/4, yankho n'kutuluka 1 8/4, yomwe ndi 3. Unali ndi 3 ndi kota, wachotsa pafupifupi 2, watsala ndi 3! Omvetsa okha ndi amene amadziwa kuti chathunthu chomwe wabwereka uyenera kuchidula makota, ndipo makotawo ndi 4 osati 10. Ndiye 3 1/4 ndi 2 5/4, kuchotsa 1 3/4, kutsala 1 2/4, ndiyo 1 1/2. Kalipentala wosafika Sitandade 8 amachita samu imeneyi pa tepi yake tsiku lililonse osaphonya, chifukwa akaphonya thabwa lawonongeka ndipo alipira yekha. Iye amaona mainchi ndi makota ake. Mwana wathu wa yunifolomu amaona manambala oyandama.

Wina anena kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono, mafulakishoni ndi mutu umodzi chabe. Ayi ndithu. Pa mayeso a MSCE funso loti mwana aphatikize mafulakishoni a algebra kukhala fulakishoni imodzi si lachilendo. Tengani 2/(x + 1) − 1/(x − 2). Womvetsa kusintha ndalama amadziwa kuti dzina lofanana ndi (x + 1)(x − 2), ndipo pamwamba patsala x − 5. Woloweza alibe pogwira, poti LCM ya zilembo sanaiyimbepo. Ku fizikisi nkhani yake ndi yomweyo. Ma resistor awiri a ma ohm 2 ndi ma ohm 3 akalumikizidwa mbali ndi mbali, 1/R = 1/2 + 1/3. Yankho ndi 5/6, choncho R ndi ma ohm 1.2. Mwana wa 2/5 uja amapeza 2.5, chinthu chosatheka, chifukwa pa kulumikiza kotere R amayenera kuchepa kuposa resistor wamng'ono mwa awiriwo. Mphunzitsi wa fizikisi amaganiza kuti mwana sanamve za magetsi, chonsecho bala lili pa samu ya ku pulayimale. Pa magalasi, 1/f = 1/u + 1/v, n'chimodzimodzi. Pa probability n'chimodzimodzi. Bowo limodzi likudontheza madzi m'zipinda zonse.

Ofufuza anaziona kale izi. Mu 2012 Robert Siegler wa ku yunivesite ya Carnegie Mellon ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotsata ana a ku America ndi ku Britain kwa zaka zingapo. Anapeza kuti mmene mwana wa zaka pafupifupi 10 amadziwira mafulakishoni ndi kugawa zimalosera mmene adzakhozere algebra ndi masamu onse patapita zaka 5 kapena 6, ngakhale mutaganizira kale za nzeru zake zobadwa nazo, luso lake lowerenga ndi chuma cha makolo ake. Ndipo asatinamize wina kuti vutoli ndi la umphawi wathu wokha. Mu 1978, pa kafukufuku wa dziko lonse la America wotchedwa NAEP, ana a zaka 13 anafunsidwa kuti 12/13 + 7/8 ili pafupi ndi nambala iti mwa 1, 2, 19 ndi 21. Anauzidwa kuti angoyerekeza, asawerengetse. Ana 24 okha mwa 100 aliwonse ndiwo anasankha 2. Oposa theka anasankha 19 kapena 21, ndiye kuti anangowonkhetsa za pamwamba zokha kapena za pansi zokha. Awa ndi ana okhala pa madesiki, aliyense ndi buku lake. Sanathe kuona kuti 12/13 ndi pafupifupi chathunthu, 7/8 ndi pafupifupi chathunthu, ndipo zathunthu ziwiri ndi 2. Kuloweza kumabala zipatso zofanana kulikonse, kaya m'kalasi ya magalasi kaya pansi pa mtengo.

Ndikudziwa zomwe anzanga ayankhe, ndipo zina n'zoona. Makalasi ndi odzaza, mabuku ndi ochepa, silabasi ndi yaitali. Za aphunzitsi a ku pulayimale, tisanawaloze chala tikumbuke mbiri. Maphunziro aulere atayamba mu 1994, ana olembetsa ku pulayimale anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri omwe anali asanapite ku koleji. Munthu woima pamaso pa ana oposa 100, wopanda maphunziro a uphunzitsi, chida chake chinali chimodzi: kuyimbitsa kalasi. Ambiri mwa ophunzitsa lero, ku pulayimale ndi ku sekondale komwe, anali ana a sukulu m'zaka zimenezo. Nyimbo anailandira, nyimbo akuipereka. Zimenezi zikufotokoza komwe vuto lachokera, koma sizipereka chilolezo kwa mphunzitsi wa ku sekondale, wokhala ndi dipuloma kapena digiri, kuti aone 2/5 m'kope la Folomu 1, adule ndi inki yofiira, adandaule za ku pulayimale, n'kupitirira ku mutu wotsatira. Mwanayo tsopano ali m'manja mwanu, osati mwa mphunzitsi wa Sitandade 6.

Za kusowa kwa zipangizo ndiye musandiuze. Pepala lakale la mayeso likapindidwa pawiri, kenaka patatu mopingasa, limaonetsa magawo 6 ndipo 3/6 ndi 2/6 zimaoneka ndi maso. Thileyi ya mazira yotha ntchito imatayidwa pa golosale iliyonse, zitsekerero za mabotolo zili mbwee pa msika. Pulogalamu ya SMASSE, yomwe inayamba kuno mu 2004 ndi thandizo la JICA, inalalikira zomwezi kwa zaka zambiri, kuti ana azigwira zinthu ndi manja ndipo mphunzitsi azigwiritsa ntchito zopezeka pafupi. Anthu anapita ku maphunzirowo, anawomba m'manja, analandira alawansi, ena n'kubwerera ku mzere wautali uja Lolemba lotsatira. Kalasi ya ana 80 ingathe kupinda mapepala 80 nthawi imodzi. Sipafunika magetsi.

Za nthawi nazo ndimakana. Mphunzitsi amene akuti alibe mapiriyodi anayi okonzera mafulakishoni mu Folomu 1 adzawononga mapiriyodi ochuluka kuposa pamenepo mu Folomu 3 ndi 4, kubwereza algebra yomwe siikulowa, kuyitana ana pa holide, kukalipa. Kuthamanga sikufika. Ndipo amene amati kakyuleta ilipo, ili ndi batani la mafulakishoni, andiuze batani lomwe amadina pa 2/(x + 1). Andiuzenso kuti mwana akadina molakwika, kakyuleta n'kumupatsa 19, ndani amuuze kuti yankholo ndi lamisala ngati iye mwini sadziwa kuti 12/13 ndi yochepera 1.

Kwa akulu a dipatimenti ya masamu m'masukulu mwathu, pempho langa ndi laling'ono. Sabata ziwiri zoyamba za Folomu 1, LCM isatchulidwe, gulugufe asaulukemo. Ana apinde mapepala, asinthe ndalama, ayike 1/2, 2/5 ndi 5/6 pa mzere wa manambala aone yomwe ili patsogolo. Samu iliyonse asanaigwire anene kaye ngati yankho lipitirire theka kapena lipitirire 1. Sitepe ya 3/12 + 2/12 ilembedwe yonse mpaka mwana atatopa nayo yekha n'kufunsa ngati palibe njira yachidule. Akafunsa yekha, mpatseni LCM, aigwiritsa bwino ntchito chifukwa akudziwa chomwe ikufupikitsa. Amene mukukayika kuti sukulu yanu ikufunika zimenezi, lembani 12/13 + 7/8 pa bolodi la Folomu 4, pansi pake 1, 2, 19 ndi 21, muuze ana ayike zolembera pansi, muwerenge manja.